Tonse tinkangoti "tili bwino"

Foni yanga ili ndi mawotchi awiri. Ina imaonetsa nthawi ya kuno ku Thailand, ina ya kwathu ku Dedza, ndipo pakati pake pali maola asanu amene mpaka lero sindinawazolowere. Ndikamadzuka 5:30 m'mawa kukonzekera zopita kusukulu, kwathu imakhala 12:30 usiku, amayi ali m'tulo tofa nato. Ndikamaweruka 4 koloko madzulo, iwo ndi pamene akutereka madzi a nsima ya masana.

Ndinabwera kuno mu Meyi 2023. Digiri ya zauphunzitsi ndinali nditaitenga ku Chanco zaka ziwiri m'mbuyomo, koma inkangokhala mu envulopu pansi pa sutikesi. Ndinkapeza ya sopo polembera mabizinesi ang'onoang'ono zoika pa Facebook. Mnzanga wina amene anatsogola ndiye anandiuza kuti masukulu a kuno amafuna aphunzitsi a Chingerezi. Pasipoti ya Malawi saiwerengera m'gulu la eni chiyankhulocho, choncho ndinayamba ndalemba mayeso a TOEIC kuti nditsimikizire kuti ndimachidziwa Chingerezi chimene ndakhala ndikulembera mayeso kuyambira ku pulayimale. Ndinakwera ndege ku Lilongwe, kusintha ku Addis Ababa, kutsikira ku Bangkok, kenako basi ya usiku wonse mpaka m'katauni kena m'chigawo cha Khon Kaen, kumpoto chakum'mawa, dera limene eni ake amalitcha Isan.

Ntchito yeniyeniyo sinandivute kwenikweni. Ndimaphunzitsa ana a zaka 12 mpaka 15, pafupifupi 40 m'kalasi, zimene kwa munthu wochokera kwathu ndi tchuthi. Ana amavula nsapato pakhomo la kalasi n'kuzindandalika bwinobwino. Mayina awo enieni ndi aatali moti aliyense ali ndi dzina lachidule, ndipo m'kaundula wanga muli a Ice, a Bank ndi a Beer. Tsiku loyamba ndinalemba deti pabolodi, ana n'kuyamba kuseka, chifukwa kwa iwo chaka chinali 2566. Amawerengera zaka potsata kalendala ya Chibuda, imene ili patsogolo ndi zaka 543. Pakatha masiku 90 aliwonse ndimayenera kudziwitsa a zolowa ndi kutuluka kuti ndikadali pa adiresi yomweyo. Ndinazindikiranso msanga kuti mnzanga wachizungu, yemwe alibe pepala lililonse la uphunzitsi, amalandira zoposa ine pa ntchito yofanana. Zinandiwawa mwezi wathunthu, kenako ndinawerengera malipiro anga m'makwacha n'kukhala chete.

Ndisananyamuke ndinkaganiza kuti chondipukwitsa chidzakhala zachilendo: chiyankhulo, zilembo zopindikapindika, akachisi, tsabola wokhetsa misozi. Zimenezo zinkangondisangalatsa. Chinandipeza ndi zinthu zofanana ndi kwathu, ndipo Isan ali nazo zambiri. Ukatuluka m'tauni umaona minda ya chinangwa ndi nzimbe, dothi lofiira, agogo atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Mpunga wawo womata, khao niao, amautema ndi dzanja, kuuumba mbamu n'kususira ndiwo. Pamsika wa madzulo pali nsonga za nkhwani, tinsomba touma tonga usipa, ziwala ndi nkhululu zokazinga. Moni wawo ndi funso lakuti "kin khao rue yang", kutanthauza kuti kodi wadya kale, ndipo ukangoti ayi, mbale yafika.

Sabata yanga yachiwiri kunagwa mvula yamphamvu, ndipo usiku wake ngumbi zinadzaza pababu la pakhonde. Ndinatuluka kuti ndizimitse getsi, n'kuona agogo a nyumba yoyandikana ataika beseni la madzi pansi pa babu lawo, akukokolola ngumbi ndi manja. Ndinaima pomwepo. Achimwene ndi ine tinkachita zomwezo mvula yoyamba ikagwa, amayi akukalipa kuti tinyowetsa zovala. Agogowo anandiona, n'kundikodola, n'kundipatsa kambale. Ndinathokoza m'Chithai changa chothyokathyoka, ndinalowa m'nyumba, ndipo ndinalira ngati kuti ndauzidwa za maliro. Chinthu chikafanana ndi kwanu chimakukumbutsa ndendende amene palibe.

Za kulirako sindinauze aliyense. Pa Facebook ndinaika chithunzi cha tsiku la Wai Khru, mwambo wa mu Juni umene ana asukulu amagwada pamaso pa aphunzitsi n'kuwapatsa maluwa. Anthu analemba kuti "wafikapo mtsikana", ena "usatiiwale". Lamlungu lililonse ndinkaimbira amayi pa WhatsApp, ndipo nkhani zathu zinkayenda mofanana. Muli bwanji kumeneko? Tili bwino, kaya iwe? Ndili bwino. Ukudya? Ndikudya. Basi tinkayamba za nyengo, za kwaya, za mwana wa uje amene akukwatiwa.

Mu Ogasiti ndinadwala. Ndinkayesa malungo, poti thupi linkatentha ndipo mafupa ankaphwanya, koma kuchipatala anati ndi dengue, matenda a udzudzu woluma masana amene amachuluka kuno nthawi ya mvula. Ndinagonekedwa masiku anayi. Amene anandidwazika ndi mphunzitsi mnzanga wachikulire, yemwe ndimangomutcha Phi, mawu aulemu oitanira wamkulu kwa iwe. Ankabwera ndi phala la mpunga m'mawa ndi madzulo, n'kumandikakamiza kumwa madzi. Lamlungu linandipeza ndili pabedi la chipatala, diripu ili pamkono. Ndinalembera amayi kuti netiweki ikuvuta, tingolankhulana popanda vidiyo. Ndinakonza mawu, ndinaseka pamene pamafunika kuseka, ndinati ndili bwino. Mumtima ndinkadziuza kuti ndikuwachitira chifundo. Akanatani ali ku Dedza? Akanangosowa tulo.

Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu kwathu n'kukwera mitengo usiku umodzi. Ndalama zimene ndinkatumiza zinasanduka mzati wa nyumba. Chakumayambiriro kwa Disembala achimwene anandilembera kuti ndiwonjezereko pang'ono, ati feteleza wadula. Patapita sabata anapemphanso. Ndinatumiza, koma ndinadandaula kwa Phi kuti abale akuyamba kundiona ngati banki.

Lachiwiri lina ndinadzuka 5:30 mwa nthawi zonse, n'kuyamba kuona masitetasi a WhatsApp ndili m'bulangete. Msuweni wanga anali ataika chithunzi cha dzanja lili ndi diripu, pansi pake atalemba kuti "Mulungu akuchizeni malume". Nkhope sinkaoneka. Koma dzanjalo ndinalidziwa, chala chachikulu chili ndi chipsera cha chikwanje chimene ndakhala ndikuchiona moyo wanga wonse.

Kwathu inali 12:30 usiku. Ndinaimbira amayi, foni yozima. Achimwene, osayankha. Msuweniyo, tiki imodzi. Ndinasamba, ndinavala, ndinapita kusukulu chifukwa panalibe china chochita. Pa 8 koloko ndinaima pamzere ndi ana oposa 1,000 nyimbo ya fuko lawo ikuimbidwa, ine ndikuwerengera chamumtima kuti kwathu ndi 3 koloko, kwatsala maola atatu kuti kuche. Ndinaphunzitsa makalasi awiri. Sindikukumbuka zimene ndinaphunzitsa. Kamtsikana kena ka kutsogolo kanandifunsa kuti, "Teacher, khit thueng ban?" Ndi mawu awo a kupukwa, ndipo ukawamasulira limodzilimodzi amati kuganiza mpaka kufika kunyumba. Ndinangogwedeza mutu.

Itakwana 11 koloko ndinatuluka kuseri kwa laibulale n'kuimbanso. Amayi anayankha ndi mawu a munthu amene wagona pansi.

"Amayi, ababa ali kuti?"

Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti wandiuza ndani. Abambo anali atagonekedwa masiku 12. Shuga inakwera, anakomoka kumunda, anthu n'kuwanyamula. Ndalama za "feteleza" zija zinali za mankhwala ndi zoyendera. Malamlungu awiri amayi anali atandiyankha ali panja pa wodi, akundiuza kuti abambo apita kumsonkhano wa mpingo.

Ndinakalipa. Sindinayambe ndawakwezera mawu amayi chibadwire, koma tsiku limenelo ndinatero. Ndinawafunsa ngati ndasiya kukhala mwana wa m'nyumbamo, ngati ntchito yanga yatsala yotumiza ndalama basi. Ndinati akanamwalira mukanandiuza liti, atakwiriridwa kale?

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mwanawe, ukanatani uli kumeneko? Ukanalira wekha m'nyumba, wopanda wokugwira phewa. Mwinanso ukanasiya ntchito n'kugula tikiti. Ndiye bambo akowa tikanawagulira chiyani mankhwala?"

Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka. Tikiti yobwerera ikanadya malipiro oposa a mwezi wathunthu. Komanso mawu awowo ndinawazindikira, chifukwa ndi omwe aja ndinkadziuza mu Ogasiti ndili pabedi la chipatala. Mkwiyo unanditherera pakhosi. Ndinati, "Amayi, inenso ndinagonekedwa."

Tsopano inali nthawi yawo. Anafunsa kuti liti, matenda anji, masiku angati, anandisambitsa ndani, ndinkadya chiyani. Nditatchula za Phi ndi phala lake, anati, "Ndiye kuti mwana wanga anadwazikidwa ndi munthu amene ine sindinamuthokoze n'komwe? Wandichititsa manyazi iwe." Pa zonse zimene ndinawabisira, chimene chinawapsetsa mtima kwambiri ndi chimenecho. Kwathu wodwazika mwana wako umamuyendera ndi nkhuku, ndipo ine ndinawasiya ndi ngongole ya miyezi inayi osaidziwa.

Ndaganizira kwambiri za foni imeneyo. Anzanga ambiri amene ali kunja, kaya ku Joni, ku Ireland, ku China, amachita zomwezi, ndipo timazitcha kulimba mtima. Ine ndikuona kuti ndi zimene zinkandipukwitsa kuposa nsima. Nsima ndinapeza njira yake: ufa wa chimanga ndimaitanitsa pa intaneti, mthiko ndinabwera nawo, ndipo ngakhale imatuluka yachikasu, imakhutitsa. Chimene ndinkasowa ndi kukhala m'kati mwa nkhani za pakhomo. Kwathu ukakhalapo sufunika kuuzidwa kuti bambo akudwala, umaona wekha kuti sanamalize nsima. Ukakhala kutali umangodziwa zimene anthu asankha kukuuza, ndipo akamakusankhira zokoma zokhazokha umasanduka mlendo, uja amamuyalira nsalu yoyera patebulo n'kubisa mbale zong'aluka. Ndinali mlendo kuno, n'kukhalanso mlendo kwathu, ndipo theka la ntchito imeneyo ndinaigwira ndekha ndi zithunzi zanga za pa Facebook.

Abambo anatuluka m'chipatala kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike. Kuno Khirisimasi si tchuthi, ndinali m'kalasi nditavala kachipewa kofiira, koma madzulo ake ndinawaona pavidiyo atakhala pakhonde, ataonda, akudandaula kuti awaletsa shuga mu tiyi. Tsiku lomwelo ndinapita ndi foni kunyumba kwa Phi. Amayi sadziwa Chithai, Phi sadziwa Chichewa, ndipo Chingerezi cha onse awiri n'chongopemphera madzi. Amayi anawomba m'manja mwaulemu katatu n'kunena kuti "zikomo, zikomo kwambiri". Phi anaphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Ine womasulira ndinalibe ntchito.

Chaka cha sukulu kuno chimatha mu Malichi, ndipo atandifunsa ngati ndisainenso kontirakiti ndinavomera. Mankhwala a shuga ndi a mwezi ndi mwezi, ndipo mng'ono wanga ali Fomu 3. Sindinganame kuti kupukwa kunatha. Masabata apitawa ndinaima mu 7-Eleven n'kumva fungo la chimanga chowiritsa, ndipo ndinatuluka osagula chimene ndinalowera.

Chimene chinasintha ndi foni ya Lamlungu. Ndimaimba 7 koloko madzulo, kwathu ili 2 koloko, atabwera kutchalitchi. Amayi ndi amene anakhazikitsa lamulo lake: tiziyamba ndi zoipa. Sabata yatha anandiuza kuti chitopa chapha nkhuku zisanu ndi imodzi, denga la khitchini likudontha, ndipo abambo anawapeza atabisa shuga m'thumba la jekete. Ine ndinawauza kuti dzino likundiwawa, kuti kalasi ina yandisowetsa mtendere, komanso za chimanga chija cha mu 7-Eleven.

"Dzinolo upite nalo mawa," anatero. "Ndipo uwauze a Phi kuti chitenje chawo ndagula kale, chikungodikira wobwera nacho."