Ku Kapichira, Kumene Thukuta Limayesa Felemu ya Magalasi

Msewu wochokera ku Blantyre umatsetsereka mokhotakhota mpaka pa Thabwa, ndipo mukangofika m'chigwa kutentha kumakulandirani ngati mwalowa m'khitchini nthawi ya nkhomaliro. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa boma la Chikwawa kulowera kumpoto, mumafika ku Kapichira, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzinda. Apa ndi pamene pali mathithi omaliza a mtsinje wa Shire, omwe anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859. Pambali pake pali nkhalango ya Majete, yomwe bungwe la African Parks lakhala likusamala kuyambira 2003, komanso malo opangira magetsi a EGENCO otulutsa mamegawati pafupifupi 130.

Ife a gulu la zaumoyo la mpingo tinatsikira kuno kudzacheza ndi mabanja a m'midzi yozungulira za kasamalidwe ka maso. Tinapeza kuti anthu amene ali ndi magalasi alipo ndithu, koma ambiri sawavala. Ena anawasunga m'sutikesi, ena anawamanga ndi ulusi kapena mphira. Tikafunsa, yankho linkafanana: "Amaona bwino, koma sakhazikika." Vuto silinali galasi loonera, koma felemu yoligwira.

Anthu a kuno fanizo lake ali nalo pakhomo. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, makina analipo koma magetsi anasowa mpaka 2023, chifukwa chogwira madzi chinali chitagumuka. Magalasi nawonso ndi chimodzimodzi. Dokotala angayeze bwino maso anu, koma felemu ikalephera kuika galasi pamalo pake, ndalama zija zalowa m'madzi.

Chigwa cha Shire chimayesa felemu kuposa madera ozizira monga Thyolo ndi Dedza. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, thukuta silileka, ndipo fumbi limalowa paliponse. Choncho funso loyamba pogula likhale lakuti, felemuyi anapangira chiyani?

Mafelemu ambiri achitsulo otsika mtengo amakhala ndi nickel. Mchere wa m'thukuta umadya utoto wapamwamba, pamatuluka dzimbiri lobiriwira, ndipo anthu ena amachita zidzolo zoyabwa pamphuno ndi m'mbali mwa mutu. Chitsulo chosachita dzimbiri chimapirira bwino. Titanium ndi yopepuka ndipo kawirikawiri siyabwa khungu, kungoti mtengo wake ndi wokwera. Pa mafelemu apulasitiki, abwino ambiri ndi a acetate, yomwe imapangidwa kuchokera ku mitengo kapena ku thonje, mbewu imene alimi a Chikwawa ndi Nsanje amaidziwa bwino. Acetate imafewa ikatenthedwa. Ubwino wake ndi wakuti katswiri amatha kuipinda kuti igwirizane ndi mutu wanu, koma mukaisiya padzuwa, pagalasi lakutsogolo la galimoto kapena pafupi ndi mbaula, imapindika yokha. Palinso pulasitiki yopepuka yotchedwa TR90, yomwe imapindika n'kubwerera m'malo mwake. Imeneyi imathandiza ana ndi anthu ogwira ntchito zolimba monga a kabaza.

Funso lachiwiri ndi la msinkhu. Tinkapempha aliyense kuti ayang'ane mkati mwa kamwendo ka magalasi ake, ndipo ambiri ankadabwa kuona manambala amene sanawaonepo, monga 52, 18 ndi 140. Onsewa ndi mamilimita. Yoyamba ndi kutambalala kwa galasi limodzi, yachiwiri ndi mpata wa pamphuno pakati pa magalasi awiriwo, yachitatu ndi kutalika kwa kamwendo kopita kukhutu. Felemu ili ngati nsapato: ya mnzanu singakukwaneni chifukwa choti ndi yokongola.

Apa ndi pamene ambiri a ife timavutikira. Mafelemu ochuluka amene amafika m'misika yathu anawapangira anthu a mphuno zazitali ndi zopyapyala, pamene ambiri a ife mphuno zathu ndi zotambalala komanso zotsika pakati pa maso. Felemu yotere ilibe pogwira. Imatsamira pamasaya, ndipo thukuta likangoyamba imatsetsereka. Mayi wina wachikulire anationetsa mmene amawerengera phunziro la Sukulu ya Sabata, dzanja lina lili pabuku, lina likukankha magalasi. Anthu otere amathandizidwa ndi felemu yokhala ndi timapilo tiwiri ta pamphuno totheka kusuntha, kapena yapulasitiki imene pamphuno pake anapakhuthalitsa.

Felemu yokwana imagwira malo atatu okha: pamphuno ndi kuseri kwa makutu onse awiri. Musanalipire, iyeseni motere. Weramani ngati mukusankha mpunga m'lichero, kenako pukusani mutu, isatsetsereke. Mwetulirani, masaya asaikweze. Phethirani, nsidze zisakhudze galasi. Timiyendo tisafinye m'mbali mwa mutu, ndipo tiyambe kupindika pamwamba penipeni pa khutu. Mwanadiso akhale chapakati pa galasi lililonse. N'chifukwa chake woyeza maso amayezanso mtunda wa pakati pa maso anu awiri. Galasi lamphamvu likachoka pamalo pake, maso amatopa ndipo mutu umawawa, mpaka munthu n'kuyamba kunena kuti magalasi amaononga maso.

Magalasi owerengera ogulitsidwa pamsika, olembedwa +1.00 mpaka +3.00, amathandiza anthu ambiri opitirira zaka 40 amene ayamba kutalikitsa buku powerenga kapena kulephera kulowetsa ulusi m'singano. Koma mphamvu yake ndi yofanana mbali zonse, ndipo sangakuuzeni ngati muli ndi ng'ala kapena ngati shuga wayamba kuononga maso. Yambani mwakayezetsa. Chipatala cha boma chingakutumizeni ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo masiku ano dziko lathu lili ndi akatswiri oyeza maso ophunzitsidwa pa Mzuzu University.

Tisanakwere phiri kubwerera, tinasiyira mabanja a ku Kapichira malangizo ochepa amene angathandizenso pakhomo panu. Madzulo alionse tsukani magalasi ndi madzi oyera ndi kasopo pang'ono kuti thukuta lisagone pafelemu. Musawapukute ali ouma ndi chitenje kapena malaya, chifukwa fumbi limakala galasi. Avuleni ndi manja awiri, ndipo musawakweze pamutu, timiyendo timatanuka. Asungeni m'kabokosi kake pamthunzi. Akapindika musawawongole pamoto; pitani nawo kumene munagula akawakonze. Kasikuluwu kakayamba kumasuka kamangitseni msanga, pakuti akulu anati walira mvula walira matope, ndipo amene wafuna kuona bwino wafunanso ntchito yosamala chimene chikumuonetsa.