BILLUND: MUDZI WOPANDA NJANJI UMENE UNABALA MASITIMA

Mlendo wofuna kukaona Billund, m'dziko la Denmark, sangathe kufikako pa sitima ya pamtunda. Ayenera kutsika pa siteshoni ya Vejle ndi kukwera basi yoloza kumadzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Mseu ucoka m'zigwa za nkhalango nulowa m'dziko lathyathyathya la Jutland, la dothi lamcenga, kumene kale alimi anali kulimbana ndi chire ndi mphepo yozizira kuti apeze cakudya. Njanji inalipo. Inafika pa Billund m'caka ca 1914, koma inatsekedwa mu 1957 ndipo zitsulo zake zinazulidwa. Codabwitsa ndi cakuti mudzi umenewu, wa anthu pafupifupi 7,000, ndiwo unabala timasitima timene tikuyendabe m'nyumba za anthu m'maiko ambiri.

Pa mseu waukulu wa mudziwo pali nyumba ya njerwa yokhala ndi mikango iwiri yosema pakhomo. Anaimanga mu 1924 ndi Bambo Ole Kirk Christiansen, mmisiri wa matabwa. M'caka ca 1932 nchito yomanga inasowa, mkazi wao anamwalira nawasiyira ana amuna anai, ndipo mmisiriyo anayamba kupala zoseweretsa za ana kuti banja lidye. Mu 1934 anacha nchito yaoyo dzina la LEGO, locokera ku mau a cinenero cao otanthauza "sewera bwino".

Pali nkhani imene imasimbidwabe kumeneko. Tsiku lina mwana wao, Godtfred, anapereka abakha a matabwa ku siteshoni ija, nabwera kudzauza atate ake monyadira kuti wapulumutsa ndalama popaka vanishi kawiri m'malo mwa katatu. Atatewo anamlamula kukawatenga abakhawo, kuwapaka kacitatu ndi kuwalongedzanso yekha, ngakhale agone mocedwa. Mnyamata ameneyu ndiye anadzatsogolera fakitale, ndipo mu 1958 analembetsa ku boma kanjerwa ka pulasitiki kokhala ndi timitu pamwamba ndi timipaipi kunsi, kamene kamagwirana zolimba ndi kanzake koma mwana angathe kukalekanitsa ndi zala. Moto utapsereza nyumba ya zoseweretsa za matabwa mu 1960, fakitale inaleka matabwa nitsala ndi tinjerwa tokha.

Sitima yoyamba yoyenda pa njanji inatuluka mu 1966, patapita zaka 9 cicokere sitima yeniyeni. Njanji zake zinali zobiriwira monga thambo, zokhazikidwa pa timipiringidzo toyera, ndipo injini inali kuyenda ndi mabatire. Mu 1969 kunabwera ina yolandira magetsi a m'nyumba ocepetsedwa mphamvu kufika pa mavoti 12, odzera m'tizitsulo ta pakati pa njanji. Kuyambira mu 1980 njanji zinasanduka zotuwa, ndipo mwana anali kukhoza kupatutsa sitima, kuiimitsa ndi kuyatsa nyali zake ali khale pamalo amodzi. Yochuka ya nthawi imeneyo ndi ya nambala 7740, yofiira ndi yacikasu. Mu 1991 kunadza njanji zokutidwa ndi citsulo pamodzi ndi sitima yochedwa Metroliner, imene anthu anaikonda kotero kuti inapangidwanso mu 2001. Pofika mu 2007 fakitale inaleka njanji zacitsulo nibwerera ku mabatire.

Ana amene anapatsidwa masitima amenewa tsopano ndi akulu, ena a imvi, ndipo ambiri a iwo ndiwo amawasonkhanitsa. Nchito yao njofuna kuleza mtima. Amafunafuna m'misika ya katundu wakale, kwa anzao ndi pa intaneti, mwina cifukwa ca kacitseko kamodzi kapena gudumu limodzi. Sitima yokhala ndi bokosi lake, kabuku ka malangizo ndi zomata zake zonse imagulidwa pa mtengo wokwera kopambana yosowa ziwalo. Adani ao amawadziwa bwino: dzuwa limasandutsa tinjerwa toyera kukhala tacikasu, mphira wa m'magudumu umauma nung'ambika, batire loiwalidwa m'kati limadya zitsulo, ndipo injini za mtundu wakale sizipangidwanso. Cifukwa cace munthu amene kunchito kwake ali dokotala kapena mphunzitsi amakhala pansi madzulo napukuta tizitsulo ta njanji monga mlimi asamalira khasu limene anamsiyira atate ake. Caka ndi caka m'mwezi wa September ambiri a iwo amakumana ku Skærbæk, kumwera kwa Jutland, kukaonetsana zimene amanga.

Cimene cacititsa kuti khama lao lisapite pacabe ndi muyeso. Kanjerwa ka mu 1958 kamagwiranabe ndi kopangidwa lero, ndipo kukula kwa mpata wa pakati pa njanji ziwiri sikunasinthidwe ciyambire. Injini yofuna magetsi a m'njanji siingayende pa njanji za pulasitiki yekha, koma ngolo yakale imakokedwa bwino lomwe ndi injini yatsopano. Motero agogo ndi mdzukulu angathe kulumikiza katundu wao pa mphasa imodzi.

Wofika ku Billund angadzionere yekha zimenezi. M'cipinda ca pansi pa nyumba yochedwa LEGO House, yotsegulidwa mu 2017, muli mabokosi akale oikidwa m'ndandanda wa zaka, ndipo akulu amaima nthawi yaitali patsogolo pa bokosi limene analandira ali ana. Kunja kwa mudzi kuli munda wa Legoland, wotsegulidwa mu 1968, mmene timasitima timadutsa pakati pa mizinda ndi madoko omangidwa ndi tinjerwa. Pafupi pomwepo pali bwalo la ndeke, limene linayamba monga kabwalo ka fakitale lisanatsegulidwe kwa anthu onse mu 1964.

Madzulo ndeke zimanyamuka, basi ya ku Vejle imadzaza ana atakumbatira mabokosi, ndipo mudzi umakhala cete. Kulira kwa sitima yeniyeni sikunamvekenso kumeneko ciyambire 1957. Koma nchito ya mmisiri amene anakana kunyenga pa vanishi ikuzungulirabe pa njanji zake, m'manja mwa anthu amene anaona kuti njoyenera kuisunga.