Mapuloti Afika M'dambo

Mudzi uliwonse wa kwathu, kuchokera ku Mitundu mpaka ku Nathenje, unali ndi malo atatu amene munthu sankayerekeza kumangapo nyumba: dambo, manda, ndi kankhalango ka m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri. Panalibe chikwangwani, waya kapena mlonda. Ife obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 malirewo tinkawadziwa ndi mapazi. Nyumba zinkakhala kumtunda, pa katondo wofiira, minda n'kuzungulira mudzi. Ukamatsetsereka, dothi n'kuyamba kuda ndi kumata kuchidendene, unkadziwa kuti za munthu mmodzi zathera pomwepo, zayamba za tonse.

Chilimwe chonse mudzi unkadya za m'dambo. Ng'ombe za mabanja onse zinkapeza msipu m'menemo kumtunda kutauma. Udzu wofolera nyumba ndi nkhokwe tinkamweta m'menemo. Dothi lozirira ndi dongo loumbira miphika amayi ankakumba m'menemo. M'mphepete mwake munali madimba a mpiru, tomato, nzimbe ndi chimanga chachiwisi, ndipo chitsime chokumba ndi khasu, chofika m'chiuno basi, chinkasunga madzi mpaka mvula yoyamba. Amayi anga anandilipirira sukulu ndi tomato wa m'dimba lotero, wosenza pamutu kupita naye kumsika wa Mitundu. Dimba linali ndi mwini wake, koma dambo lenilenilo, pakati pamene pankayenda madzi, panalibe amene ankati ndi langa.

Za manda sizifuna kufotokoza kwambiri kwa Mchewa. Aliyense woyenda pamsewu wa M1 kapena wa ku Bunda amaona timagulu ta mitengo yakale titaima pakati pa minda yoyera mbee. Amenewo ndi manda, ndipo mitengoyo yakhalapo chifukwa nkhwangwa siloledwa kulowamo popanda chilolezo cha mfumu. Kumeneko n'kumene kuli dambwe, kochokera Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005. Mitengo ina yachilengedwe imene ana a lero sangaione kwina kulikonse m'chigwa cha Lilongwe yatsala kumandako.

Chimene chasintha zonsezi ndi mzinda. Pa kalembera wa 1966, m'tauni ya Lilongwe munali anthu osakwana 20,000. Mu 1975 inakhala likulu la dziko. Pofika kalembera wa 2018 anthu anali 989,318. Ndili mwana, ulendo wa ku Lilongwe unali ulendo ndithu, wokonzekera dzulo lake. Lero mzinda ndiwo ukubwera kwa ife. Ukachoka pa Bunda Roundabout kulowera ku Mitundu, kapena kutsata M1 kulowera ku Nathenje, umaona mipanda ya njerwa pamene kale panali fodya ndi mtedza, ina muli nyumba, ina muli udzu wokhawokha, mwini wake akudikira kuti mtengo ukwere. Koleji ya Bunda, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, inasanduka yunivesite ya LUANAR mu 2012, ophunzira anachuluka kuposa malo ogona, ndipo anthu ozungulira anayamba kumanga mahositelo. Malo amene agogo ankapatsa mlendo ndi nkhuku imodzi yothokozera anasanduka katundu wa mamiliyoni.

Kumtunda kunayamba kutha. Kenako maso anatembenukira kudambo.

Kagulitsidwe kake n'kofanana pafupifupi m'mudzi uliwonse. Amayamba ndi madobadoba, anyamata a njinga zamoto ndi mafoni awiriawiri, odziwa banja limene lili ndi matenda, ngongole ya feteleza kapena mwana wofuna fizi. Amabwera ndi wogula Loweruka. Amayenda m'malire ndi munthu mmodzi wa m'banjamo, kawirikawiri mwamuna, n'kulemba kalata yapamanja, mboni ziwiri n'kusaina, mfumu n'kudinda chidindo italandira yake. Lolemba m'mawa, amayi opita kukathirira amapeza mabikoni a simenti atazikidwa pakati pa mpiru wawo.

Apa m'pamene pali bala lenileni. Kwathu kuno malo amayenda ndi mbumba. Munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi, mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini, ndipo atsibweni udindo wawo ndi kuyang'anira, osati kugulitsa. Koma wogula wochokera m'tauni safunsa za mbumba. Amafuna munthu mmodzi woti asaine, ndipo amene amaoneka ngati mwini nkhani ndi atsibweni aja. Motero amene anaikidwa kuti ateteze malo a alongo ake ndi amene amalandira ndalama zake, nthawi zina n'kukagulira njinga yamoto imene pakatha zaka ziwiri yafa.

M'mudzi mwathu nkhaniyi inafika pabwalo pamene kunamveka kuti chigawo cha dambo chadulidwa mapuloti. Odandaula ambiri anali amayi. Mayi wina wachikulire, amene kale sindinamumvepo akuyankhula pabwalo, anagwada n'kunena kuti: "A mfumu, ife sitikukana alendo. Alendo amange, malo akumtunda alipo. Koma apo mwalozapo m'pamene timatunga madzi mjigo ukauma. Mukatseka ndi mpanda, ife tikamwa kuti? Nanga ng'ombe zidzera pati?" Mnzake anawonjezera kuti: "Madzi saiwala khwawa, a mfumu. Mukuwagulitsa anthuwa tsoka."

Mayankho ake ndinawamva ndi makutu anga, ndipo ndawamvanso m'midzi ina. Loyamba: mukukana chitukuko. Lachiwiri: ndi nsanje chabe, chifukwa ndalama sizinagwe m'manja mwanu. Lachitatu, limene linatontholetsa bwalo lonse, linachokera kwa dobadoba: "Amayi, muli ndi pepala losonyeza kuti dambolo ndi lanu?"

Pepala analibe. Sakanakhala nalo, chifukwa dambo silinalembedwepo dzina la munthu. Chimene chinkaliteteza kale, choti ndi la aliyense, ndicho chimene lero chikulisiya pambalambanda. Kale munthu wofuna kumanga m'dambo ndiye ankayenera kufotokozera mudzi chifukwa chake. Lero wokana ndiye akufunsidwa umboni. M'moyo wanga ndaona magetsi akufika, mafoni akufika, denga la udzu likusanduka la malata, koma kusintha kumene kumandisowetsa tulo ndi kumeneku.

Ogulawo sindikuwada. Ndimawadziwa. Ndi aphunzitsi, anamwino, asilikali opuma ntchito, mayi wogulitsa kaunjika amene wasonkha ndalama kubanki m'khonde zaka zambiri. Ena ndi ana athu omwe amene anapita m'tauni n'kutopa ndi lendi ya ku Area 36 kapena ku Kawale. Munthu wofuna pogona pakepake sakulakwa, ndipo puloti ya m'dambo amaigula chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Amaiona mu Seputembala, pouma gwa, udzu utapsa. Palibe amene amamuuza mmene pamakhalira mu Febuluwale. Choncho amayi aja akamakana, akutetezanso wogulayo, ngakhale iye amawaona ngati adani.

Dambo ndi mtsuko wa mudzi: limalandira madzi a mvula, n'kuwasunga, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'zitsime ndi m'timitsinje mpaka chilimwe chitatha. Ukalidula ngalande, n'kuthiramo zigumuka za njerwa, n'kuphimba ndi simenti ndi malata, madzi amene akanalowa pansi amathamanga tsiku limodzi. Dzinja kumakhala kusefukira, chilimwe zitsime n'kuuma msanga. A m'tauni anaziona mu 2017, pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kugwetsa nyumba ku Mtandire. Nyumba ya m'dambo imadziwikanso ndi maonekedwe: chinyontho chokwera m'khoma, ming'alu chifukwa dothi lakuda limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndi chimbudzi chodzaza madzi amene pamapeto pake amakalowa m'chitsime cha oyandikana nawo.

Nyumba zatsopanozi zimadyanso mitengo zisanamangidwe n'komwe. Uvuni uliwonse wa njerwa umafuna nkhuni zikuluzikulu, ndipo dothi lake limakumbidwa m'mphepete mwa dambo momwemo, n'kusiya maenje oswanirana udzudzu. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, koma nyumba ya munthu wamba ikumangidwabe ndi njerwa zomwezo, chifukwa mabuloko a simenti si onse angawakwanitse. Akalowa m'nyumbamo, amaphikira makala. Ndipo makala a Lilongwe tonse tikudziwa kumene ambiri amachokera: ku Dzalanyama. Ndili mtsikana, mapiri a Dzalanyama ankaoneka akuda bii ndi mitengo ukayang'ana kumadzulo. Nkhalango imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 99,000, inakhazikitsidwa ngati yotetezedwa mu 1922. M'menemo ndi mmene muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu amati anthu oyamba anatsikira. M'menemonso ndi mochokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, omwe amamwetsa mzinda wonse. Pofika 2015 zinthu zinali zitaipa moti asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo. Komabe njinga zosenza matumba a makala sizinaleke kudutsa m'bandakucha. Ngati nkhalango yokhala ndi lamulo, malire ndi mfuti ikutha chonchi, dambo la m'mudzi, lotetezedwa ndi pakamwa pa amayi okha, lili ndi mwayi wanji?

Chondipweteka n'chakuti lamulo lili kumbali ya amayiwo, iwo osadziwa. Ndondomeko ya dziko ya za malo ya 2002 inanena kuti madambo ndi malo odyetsera ziweto a mudzi wonse si oti munthu mmodzi atenge ngati ake. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, linakhazikitsa makomiti a za malo pansi pa gulupu aliyense: gulupuyo wapampando, ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Amene analemba zimenezi ankadziwa bwino kumene kuli vuto. Koma dobadoba amafika pakhomo ndi njinga yamoto sabata iliyonse, pamene lamulo likadali m'mabuku a Chingerezi m'maofesi. Pabwalo lathu lija panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za komiti.

Mu 2021, mitengo ikuluikulu itagwetsedwa m'mbali mwa msewu wa Kenyatta mumzinda wa Lilongwe kuti msewuwo ukulitsidwe, anthu anadandaula kwambiri, nkhani n'kulowa m'nyuzipepala, pawailesi ndi pa Facebook. Ndinagwirizana nawo, mitengo ija inali yokongola. Koma ndinaganiza za amayi a kwathu, amene kudandaula kwawo kumathera pansi pa mtengo wa bwalo. Iwo sakulirira mthunzi kapena kukongola kwa malo. Akulirira madzi akumwa, ndiwo, ndi ndalama ya sopo. Palibe mtolankhani amabwera.

Sindikufuna kuti Mitundu ndi Nathenje zikhale mmene zinalili mu 1980. Anthu achuluka, ndipo ayenera kugona penapake. Ndikufuna nyumba zimangidwe kumtunda, pafupi ndi misewu ndi misika, pa mapuloti oyezedwa bwino, osiyirana njira, m'malo moti munthu mmodzi atchinge maekala ambiri n'kumaweta udzu pamene mnzake akukankhidwira m'matope. Ndikufuna mfumu isadinde kalata yogulitsa malo a banja popanda amayi a mbumbayo kuima pamaso pake n'kuvomera ndi pakamwa pawo. Mafumu ena akuchita kale zimenezi, ndipo ndimawapatsa ulemu, chifukwa kukana envulopu m'chaka cha njala si chinthu chapafupi.

Kwathu, mapuloti awiri a m'mphepete anapita, ndipo pena pamangidwa kale nyumba. Otsalawo anaimitsidwa, chifukwa amayi anakana kuchoka m'madimba mwawo ndipo nkhani inakwera kwa a gulupu. Tsopano vuto latsopano ndi njira ya kumanda, imene mpanda wa wogula wina waipanikiza moti onyamula chitanda amayenda mopendekeka. Amayi a m'madimba anandipempha kuti ndiwalembere kalata yopita ku khonsolo ya boma la Lilongwe, yopempha kuti dambo, manda ndi njira yake ziyezedwe n'kulembedwa kuti ndi za mudzi wonse, komanso kuti komiti ya za malo isankhidwe poyera, pabwalo. Ndinailemba m'Chichewa kuti aliyense amve zimene akusainira. Ambiri anadinda ndi chala, ndipo asonkherana ndalama ya minibasi yoti awiri a iwo akaipereke okha.