Diresi la M'sutikesi ya Agogo

Pamwamba pa kabati m'nyumba ina ya ku Zomba panali sutikesi yachikopa imene inkatsegulidwa mwa apo ndi apo. Eni ake ndi agogo amene mu 1965, ali namwali wa zaka 22, anapita ku London kukaphunzira unamwino. Pobwerako anatenga satifiketi, wotchi yokoleka pachifuwa ndiponso diresi limodzi lachikasu la kolala yoyera. Diresi limeneli ndi limene linautsa mkangano pabanjapo pamene mdzukulu wawo analitulutsa pofuna chovala chopita nacho ku ukwati wa mnzake.

Kwa munthu woliona koyamba, diresilo lilibe chodabwitsa. Lilibe manja, lilibe lamba, ndipo siligwira m'chiuno. Limangolendewera kuchokera m'mapewa, n'kutsika mowongoka, n'kuthera pamwamba pa mawondo. Eni chinenero amalitcha shift. Komatu m'zaka za m'ma 1960 kuphweka kotereku kunali kugalukira ndithu. Amayi a m'ma 1950 ankadzimanga m'chiuno mpaka kupuma mobanika kuti diresi liwakhale, tsono ana awo anakana msampha umenewo. Mary Quant, amene anatsegula sitolo yake ya Bazaar mu msewu wa King's Road mu 1955, ankafuna zovala zoti mtsikana athe kuthamangira nazo basi ndi kuvina nazo momasuka. Achinyamata otchedwa Mod, aja ankayenda pa njinga zamoto za Vespa ndi Lambretta, anazilandira ndi manja awiri. Ku Paris nako, mu 1965, Yves Saint Laurent anatulutsa madiresi a mtundu womwewu okhala ndi mizere yakuda ndi zigawo zofiira, zachikasu ndi zabuluu, potengera zojambula za Piet Mondrian. Chaka chomwecho Jean Shrimpton anadzidzimutsa anthu pa mpikisano wa akavalo ku Melbourne atafika ndi diresi loyera lothera masentimita 10 pamwamba pa bondo, wopanda chipewa kapena magolovesi.

Agogo sakanakwanitsa mitengo ya ku King's Road. Lawo anagula m'sitolo wamba atasunga ndalama miyezi ingapo, ndipo atabwerera kumudzi kuno ankalivala kumadansi. Zinthu zinatembenuka mu 1973 pamene boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi madiresi osabisa mawondo. Agogo anapita nalo kwa telala amene analumikiza chidutswa cha nsalu kumunsi. Lamulo analimvera, koma diresi linasanduka ngati mwinjiro wa kwaya, ndipo analipinda n'kulitsekera. Pamene lamulolo linkachotsedwa mu 1993, iwo anali ndi zaka 50 ndipo za madansi anali ataziiwala.

Mdzukulu uja ataliyesa anaima pagalasi n'kukwinya nkhope.

"Agogo, likungondilendewera ngati thumba. Ndipite nalo kwa atelala akalithinitse m'chiunomu."

"Ukalithinitsa walipha, mwana iwe," anayankha agogo. "Tayang'ana m'mapewamo. Ngati msoko wakhala pamene phewa lathera, ndiye kuti lakukwana. Kwinako lisiye lipume."

Pamenepa agogo sanalakwe. Diresi lotere mphamvu yake yonse ili m'mapewa ndi m'khosi, ndipo amene alimanga ndi lamba amakhala wavala chovala china. Anamuuzanso kuti gogoda azisiye, chifukwa diresi lalifupi limayenda bwino ndi nsapato zafulati kapena zachidendene chachifupi. Atatulutsa mkanda, zibangili ndi ndolo, agogo anamusankhira ndolo zokha, zazikulu zozungulira. Paja ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Za kasamalidwe anazinena mwachidule: nsalu imene yadutsa zaka 50 imachapidwa pamanja ndi madzi ozizira, imayanikidwa pamthunzi, ndipo imasitidwa kunsi kwake ndi simbi yosatentha kwambiri.

Nkhani inavuta pa chidutswa chija. Mtsikana ankafuna chichoke, ndipo wotsutsa kwambiri sanali agogo ayi, koma mayi ake omubala. Iwowa anakula m'masiku a lamulo lija, ndipo bondo la mkazi pagulu linkawachititsa manyazi ngakhale boma linaleka kale kulilondalonda. Ankafunsa kuti mwana akagwada bwanji popereka moni kwa akuluakulu, nanga akakhala bwanji pamphasa. Funsoli silinali lopepuka. Mary Quant sankaganiza za mphasa posoka zovala zake, ndipo mtsikana wa ku London sagwadira apongozi.

Agogo anamvetsera onse awiri mpaka anatopa kulankhula. Kenaka anati chitenje sichilemera m'chikwama. Kutchalitchi ndi pamaso pa akuluakulu achimange m'chiuno monga achitira mkazi aliyense, pokhala pampando aphatikize mawondo, koma ikafika nthawi ya perekaniperekani kuholo, achivule n'kuimirira mowongoka, pakuti diresi limeneli silikhala munthu wowerama. Mayi aja sanavomere, koma sanakanenso. Anangopita kukhitchini kukayang'ana ndiwo zimene zinali zitapsa kale.

Madzulo ake agogo anavala magalasi, natenga lezala, nayamba kusomola ulusi umene telala anasoka mu 1973. Ntchitoyo inawatengera ola lathunthu chifukwa zala zinali kunjenjemera, koma anakana kuthandizidwa. Chidutswa chitachoka, mpendero wakale unaonekera, ndipo nsalu imene inabisika pansi pa msoko inali yachikasu chowala kuposa diresi lonse. Mdzukulu anada nkhawa kuti anthu akauona mzerewo. Agogo anaupenda pafupi ndi nyale, naupalasa ndi chala, n'kumutuma kuti akaike makala m'simbi.