TSIKU LIMENE NG'OMBE YA ATATE INAKANA KUTULUKA

Mwezi wathawu, pofunafuna makalata ena m'bokosi langa la citsulo limene ndinapita nalo ku koleji ya aphunzitsi, ndinapeza kambale konyezimira kamene timakacha CD. Pamwamba pake panali mau olembedwa ndi dzanja langa akuti "Ziweto za kwathu, 2004". Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali ndili cigwirire kambaleko, pakuti m'menemo muli nchito imene inandisowetsa tulo miyezi itatu, ndiponso muli manyazi amene ndinacita pamaso pa atate wanga ondibala. Lero ndati ndikusimbireni nkhaniyi, awerengi, ngakhale kuti ikhudza makina amene ambiri a ife kumudzi kuno sitinawagwirepo. Musade nkhawa. Munthu aliyense amene anatumapo mwana kudimba adzaimva bwino lomwe.

Inu amene muli ndi foni za intaneti mudziwa kuti pakati pa mau olembedwa pamakhala mau ena a mtundu wa buluu, amene mukawakhudza ndi cala amakutengerani ku tsamba lina. Mau otere amawacha linki. Nzeru yolumikiza masamba a m'makompyuta a maiko onse mwa njira imeneyi inacokera kwa Mngelezi wina dzina lake Tim Berners-Lee, amene anailemba mu 1989 ali pa nchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Kuno kwathu intaneti inalowa mu 1994 kudzera ku Yunivesite ya Zambia, koma ine ndinaiona ndi maso anga mu 2002, m'kanyumba kena ku Chipata m'mene tinali kulipira ndalama pa mphindi iliyonse.

Linki ya masiku onse ili ngati cikwangwani ca pa mphambano: imakulozera njira, iwe n'kucoka pamene unali. Koma panali linki ya mtundu wina imene inandikopa mtima. Imeneyi sinali kukutengera kwina ai. Unali kukhala pa tsamba lomwelo, koma mau amene wakhudzawo anali kutuma mthenga kukacita nchito, ndipo cithunzi ca pambali cinali kuyamba kuyenda kapena kulira. Izi zinali kucitika m'pulogalamu yochedwa Flash, imene pa zaka zimenezo inali ciwiya cacikulu copangira zithunzi zoyenda za pa intaneti. Anaiyamba ndi Jonathan Gay ndi anzake ku America, ndipo inatuluka mu 1996 ndi dzina lakuti FutureSplash Animator. Kumapeto kwa caka comweco kampani ya Macromedia inaigula n'kuisintha dzina. Mu 2000, pamene Flash 5 inatuluka, munalowa cilankhulo colembera malamulo cochedwa ActionScript, pamodzi ndi kanjira kaja kotumira mthenga, kamene dzina lake ndi asfunction.

Pa nthawiyo ndinali kuphunzitsa pa sukulu ina pafupi ndi boma la Katete. Sukuluyo inali ndi magetsi, ndipo inalandira mphatso ya makompyuta atatu akale. Ana a Giredi 1 anali atayamba kuphunzira kuwerenga m'cilankhulo cao, koma mabuku anali ocepa, buku limodzi ana asanu. Motero ndinaganiza zolemba kanthano ka ziweto, kakuti mwana akawerenga mau akuti mbuzi n'kuwadina, mbuzi yeniyeni ituluke pa galasi la kompyuta ndi kulira. Akalakwa kuwerenga, nadina pa galu poyesa kuti ndi pa mbuzi, galuyo ndiye adzamuuza kulakwa kwake pomuuwa, wopanda mphunzitsi womukalipira.

Kacitidwe kake kanali kotere. Poyamba unali kulemba lamulo ndi kulipatsa dzina. Langa ndinalicha onetsa. Zithunzi zonse zinali pa filimu imodzi yaitali, ndipo ciweto ciliconse cinali ndi malo ake olembedwa dzina, monga makola oyandikana. Tsono kuseri kwa mau amene mwana aona, kumene iye saonako, unali kubisa mzere wotere: 'asfunction:onetsa,mbuzi'. Mau oyambawo auza makina kuti usapite ku tsamba lina, koma itana wanchito. Aciwiri ndi dzina la wanchitoyo. Acitatu, amene ali patsogolo pa kacizindikiro kopumira, ndiwo katundu amene mthenga anyamula, ndiko kuti dzina la khola loti litsegulidwe. Mthengayu anali wa mphamvu zocepa, pakuti sanali kunyamula akatundu awiri. Ukafuna kunena kuti mbuzi idumphe, unali kumanga mau awiriwo mtolo umodzi, n'kulemba lamulo lina lowamasula akafika. Ngakhale mtundu wa buluu ndi mzere wa kunsi kwa mau sizinali kudza zokha. Unali kuziika wekha ndi dzanja, mau ndi mau.

Kulira kwa ziweto ndinakakujambula kumudzi pa kaseti. Atate anali ndi ng'ombe khumi ndi imodzi, ndipo m'mawa wina ndinaima pa khola ndi wailesi yanga ya kaseti pamene iwo anali kutsegula mipiringidzo. Anandiyang'ana cammbali nati, "Aphunzitsi, ng'ombe za m'galasi sizilima." Cifikire ine ku koleji anali kundiitana conco, ndipo sindinadziwe konse ngati kunali kundilemekeza kapena kundiseka. Ndiyesa zinali zonse ziwiri.

Nkhuku, mbuzi, galu ndi nkhumba ndinazimaliza msanga, ndipo ndinaziyesa kambirimbiri. Ng'ombe ndiyo inandivuta kujambula, makamaka miyendo yake poyenda, cotero ndinaisiya pomalizira. Ndinaitsiriza usiku, m'mawa mwake kuli msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Nditangolemba mzere wake wobisika, magetsi anazima. Ndinatseka citseko n'kukagona ndi mtima wakuti palibe kanthu, popeza mzerewo unali wofanana ndi inzake inai imene inali kugwira bwino nchito.

Tsiku la msonkhano kalasi inadzaza, ena anali kusuzumira pa mazenera. Kamtsikana kena ka zaka zisanu ndi ziwiri kanakhala pa mpando, kanagwira kacipangizo kodinira kamene amakacha mausi, ndiko kuti mbewa, cifukwa ca mcira wake wa waya. Kanawerenga mokweza kuti nkhuku, kanadina, ndipo tambala anatuluka nakupiza mapiko, nalira. Azimai anaimba nthungululu. Kanadina mbuzi, mbuzi inadumpha. Amai ake a mwanayo anagwira pakamwa. Ine pamenepo mtima unali m'mwamba, ndipo ndi kunyada komweko kumene kunandicititsa kuuza aphunzitsi aakulu kuti aitane atate, amene anapalasa njinga mtunda wa makilomita khumi ndi awiri kudzaona zimenezi.

Atate anaphunzira pang'ono pa sukulu ya mishoni, ndipo anali kuwerenga mwapang'onopang'ono, akulondola zilembo ndi cala. Sanafune kuti ndiwalozere. Anafunafuna okha mpaka anapeza mau amene anali kuwafuna, nawachula momveka: ng'ombe. Dzanja lao lozolowera khasu ndi cikwapu linaphimba mausi yonse. Kamuvi ka pa galasi kanasanduka kadzanja, monga kanali kucitira pa linki iliyonse. Anadina.

Palibe cinacitika. Anadinanso, kenaka kacitatu. Galasi linangoti duu, ndipo m'kalasi monse munali zii. Bambo wina kumbuyo anati, "Yakana joko imeneyo!" ndipo anthu anafa nako kuseka. Atate sanaseke. Anaimirira, natenga cipewa cao, nati, "Ng'ombe idziwa mwini wake. Iyi si yanga." Sanadikire nsima imene akazi anga anawaphikira. Kunena zoona, kuseka kwa anthu sikunandiwawe monga kunandiwawira kuona njinga yao ikutuluka pa cipata ca sukulu.

Madzulo atatu ndinakhala pa kompyuta ija kufuna cimene cinalakwika. Cobvuta cinali cakuti Flash ya masiku amenewo, ukaituma ku khola limene kulibe, sinali kudandaula kapena kukuuza kanthu. Inali kungokhala cete monga mwana wamwano amene wamva koma sayankha. Ndinayang'ana cithunzi, cinali bwino. Ndinayang'ana kulira, kunalipo. Ndinalembanso mzere uja kawiri, osaona kusiyana kwake ndi wa mbuzi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku wacitatu ndinaleka kukangana ndi makina, ndipo ndinawalamula kuti andilembere poyera katundu amene mthenga wafika naye. Nditadina mbuzi, analemba kuti mbuzi. Nditadina ng'ombe, analemba zilembo ziwiri cabe: ng.

Onaninso mzere uja, awerengi. Kumayambiriro ndi kumapeto kwake kuli kacizindikiro kakang'ono ka m'mwamba. Kwa makina, koyambako ndi citseko cotsegula, ndipo kena kotere kamene adzakumana nako ndiko citseko cotseka. Tsono kacizindikiro komweko ndi kamene ife timalemba pakati pa g ndi o m'mau akuti ng'ombe, kamene m'mabuku a malamulo a cilankhulo amakacha nkhodolero. Makina atafika pa nkhodolero ija anayesa kuti uthenga wathera pompo, natumiza mthenga ndi mutu wa ng'ombe wokha, thupi lonse n'kutsala panja. Khola lochedwa ng kunalibe. Kulakwa kunali kwanga, pakuti lamulo la zitsekozo ndinali kulidziwa, koma sindinaganizepo kuti cilankhulo canga cili ndi citseko pakati pa mau. Pambuyo pake ndinamva kuti ngakhale anthu a ku Ireland a maina monga O'Brien amapunthwitsa makompyuta pa mwala womwewu.

Mnzanga wina wophunzitsa masamu anati, "Bwanji osangocotsa kanthuko? Lembani ngombe kuseriko, ndani adzaona?" Anali kunena zoona, pakuti zikanagwira nchito. Koma phunziro lotsatira linali la magule, ndipo m'menemo munali ng'oma, imene timaomba, ndi ngoma, gule wa Angoni amene amabvinidwa pa Nc'wala ku Mtenguleni. Kucotsa nkhodolero kukanaika ziwirizi m'khola limodzi, ndipo mwana wodina ng'oma akanaona amuna a zishango akuponda pansi. Mphunzitsi amene amathera caka cathunthu kuphunzitsa ana kusiyana kwa ng ndi ng' sangayambe iye mwini kuzisakaniza, ngakhale pobisika. Inalipo njira ina yosinthira mtundu wa zitsekozo, koma ndinaona kuti tsiku lina ndidzaiwalanso. Cotero ndinapatsa ciweto ciliconse nambala, monga zija amaika ku makutu a ng'ombe. Mthenga anayamba kunyamula nambala, ng'ombe inakhala 5, ndipo mau a pa galasi anatsala ndi nkhodolero yao.

Panapita miyezi iwiri atate osaichulanso nkhaniyi. Tsiku lina pa chuthi anadza ku boma kudzagula mankhwala a nkhupakupa, ndipo pobwerera anaima pakhomo panga nati, "Aphunzitsi, yacira kodi ija?" Tinapita awiri m'kalasi mopanda anthu. Anapezanso mau aja okha, nadina. Ng'ombe inatuluka, inayenda mpaka pakati pa galasi, inakweza mutu n'kulira. Kumapeto kwa kulirako kunamveka likhweru la munthu, pakuti tsiku lojambula lija iwo anali kuimba likhweru potulutsa ziweto. Anadina kanai. Kenaka anati, "Mau ndi a Bantomu. Koma thupi ili n'la yani? Linunda lili kuti?" Ndinali nditatengera cithunzico m'buku lina, ng'ombe ya mkaka ya ku Ulaya ya mawanga akuda ndi oyera, ya msana wosalala, pamene ng'ombe zathu za Angoni zili ndi linunda ndi nyanga zazifupi. Mlungu wonse wotsatira ndinali kujambula linunda, cithunzi ndi cithunzi, kuti lizigwedezeka poyenda.

Flash yokhayo sinakhalitse monga tinali kuyembekezera. Kampani ya Adobe inagula Macromedia mu 2005, ndipo mu 2006, m'cilankhulo catsopano ca ActionScript 3.0, asfunction inacotsedwa n'kulowetsedwa njira ina. Mu April 2010 Steve Jobs wa kampani ya Apple analemba kalata yofotokoza cifukwa cake iPhone sinali kulola Flash, nachula za kudya batire ndi mipata imene akuba a pa intaneti anali kulowerapo. Anthu atasamukira pa mafoni, opanga zithunzi zoyenda nawo anasamukira ku JavaScript, imene icita nchito yomweyo ya mau otuma mthenga, ndipo nayonso imapunthwa pa nkhodolero ngati wolemba sacenjera. Mu July 2017 Adobe inalengeza kuti Flash Player idzatha; inaleka kuisamala pa 31 December 2020, ndipo kuyambira pa 12 January 2021 inaleka kutsegula zithunzi.

Bantomu anagulitsidwa mu 2007 kuti mlongo wanga amalize sukulu. Atate anatisiya mu 2015, ndipo kaseti ija inadyedwa ndi cinyezi kalekale. Palibe pena pamene mau ao anajambulidwa, kupatula likhweru lija la m'kambale aka. Mphwanga amene agwira nchito ya makompyuta ku Lusaka akuti ilipo pulogalamu yochedwa Ruffle, yolembedwa ndi anthu odzipereka, imene imatsegula zinthu zambiri zakale za Flash, ndipo akuti ngakhale italephera, iye angathe kutulutsamo kulirako pakokha. Ndakakulunga kambaleko m'kansalu ka citenje, ndipo Lacisanu m'mawa ndidzakapereka kwa mwana wa acimwene amene akwera basi ya ku Lusaka. Pa kapepala ka m'kati ndalemba kuti ayambe ndi nambala 5.