Kodi Sitolo Iyenera Kufa ndi Mwini Wake?

Anzanga a pasukulu pano, ndi inu aphunzitsi athu, ndifuna kukamba za masitolo. Ndidziwa kuti ena mudzaseka, pakuti ambiri a ife tiyesa kuti sitolo ndi ntchito ya munthu amene sukulu inamkana. Komabe ndipempha kuti muyambe mwamva.

Munthu akamayenda pa Migowi, pa Chiringa kapena pa boma pa Phalombe, aona nyumba zamalonda zakale, za khonde lalikulu ndi malata adzimbiri. Mukayang'anitsitsa pakhoma mudzaona dzina lofufutika pansi pa dzina lina. Nyumba imodzi yomweyo inali golosale, kenaka munakhala telala, kenaka mogulitsira mowa, lero asungiramo matumba a nandolo. Nyumba ikhalapobe, koma malonda ake safika kwa mdzukulu. Tafunsani akuluakulu kwanu kuti akutchulireni okala imodzi yokha imene inayamba ndi agogo, nipita kwa mwana, nifikanso kwa mdzukulu. Adzakanda m'mutu nthawi yaitali.

Ku Japan zinthu sizili chomwecho. Ndinawerenga m'laibulale mwathu muno kuti dziko limenelo lili ndi makampani ndi masitolo opitirira 30,000 amene akhala zaka zoposa 100, ndipo sitolo yakale yotere aitcha shinise. Ku chigawo cha Yamanashi kuli nyumba yogona alendo yotchedwa Keiunkan, imene inatsegulidwa m'chaka cha 705 pafupi ndi akasupe a madzi otentha. Ku Osaka kunali banja la amisiri omanga akachisi, a Kongo Gumi, amene anayamba ntchito yawo mu 578, nagwira ntchito yomweyo mibadwo ndi mibadwo kufikira 2006, pamene ngongole zinawakulira ndipo kampani ya Takamatsu inawatenga.

Koma imene inandigwira mtima ndi kanyumba ka zakudya ka mumzinda wa Kyoto, kotchedwa Ichiwa. Anakatsegula m'chaka cha 1000 pafupi ndi kachisi wa Imamiya, kuti anthu odzapemphera apeze chotafuna. Agulitsa chinthu chimodzi chokha: timikate ta mpunga wosinja, tatikulu ngati chala chachikulu, timene atiika ufa wa soya, natiboola ndi timitengo tansungwi, natiwotcha pamakala, nathirapo msuzi wozuna. Basi. Zaka zoposa 1,000 akuwotcha timikate tomweto, pamalo pomwepo. Tsidya lina la njira yomweyo kuli nyumba ina yogulitsa timikate totereti, imene yakhalapo zaka ngati 400, ndipo poyerekeza ndi inzake imeneyo ndi khanda. Kwathu kuno munthu akayamba kugulitsa zitumbuwa nakapeza kandalama, mawa lake afuna minibasi.

Tsono musaganize kuti Malawi alibe dzina lakale la malonda. Alipo Mandala. Mu 1878 anthu a ku Glasgow anayambitsa kampani imene pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes, natumiza abale awiri, John ndi Frederick Moir, kuti adzaiyendetse. John ankavala magalasi a maso, ndipo anthu poona kung'anima kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pankhope ya munthu, nilipita pa kampani, pa masitolo ake a m'dziko lonse, ndi pa dera lina la mzinda wa Blantyre. Nyumba yawo yosanja, imene anaimanga mu 1882, ikadalipo, ndipo ndiyo nyumba yakale kopambana zonse mumzindamo. Koma masitolo a Mandala, kumene makolo athu ankagula nsalu, mchere, makasu ndi mikanda, kulibenso. A Kandodo nawo atsala m'kamwa mwa agogo. Mwa malo akale amene akulandirabe anthu pa ntchito yomwe anayamba nayo, ine ndidziwapo hotela ya Ryall's ku Blantyre, imene inatsegulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920. Zindikirani kuti maina onsewa ndi a alendo.

Masitolo ambiri a khonde lalikulu aja anali a Amwenye. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda linalamula kuti Amwenye achoke m'midzi akachite malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, kuti eni dziko atenge malo awo. Eni dziko anatengadi nyumbazo, koma ambiri sanakhalitse. Nyumba anaipeza, mashelefu anawapeza, koma nzeru yodziwa kopikula katundu, yowerengera phindu ndi yokana ngongole inakwera lole pamodzi ndi Mmwenye.

Ena adzati chotipha ife ndi umphawi ndi madzi. N'zoona, sindikana. Napolo wa mu 1991 anakokolola nyumba ndi anthu kuno ku Phalombe, ndipo namondwe Freddy mu 2023 tonse tinamuona ndi maso athu. Koma ku Japan nakonso kuli zivomerezi, moto ndi nkhondo zimene zinagwetsa mizinda yathunthu, ndipo masitolo aja anadzukanso. Ine ndiganiza kuti chifukwa chachikulu chili m'nyumba mwathu momwe.

Agogo anga aamuna anali ndi golosale yabwino ndithu, ya sikelo yake, njinga yake yopikulira, ndi telala pakhonde. Anaimanga kumudzi kwa agogo aakazi, pakuti anali pachikamwini monga mwa mwambo wathu. Atamwalira, maliro asanaiwalike n'komwe, abale awo anabwera nati katundu wa m'sitolo ndi thukuta la mbale wawo. Akuchikazi nawo anati nyumba ili pa nthaka yawo. Wina anasenza sikelo, wina anakwera njinga, sopo ndi shuga anagawana ngati nyama ya pamaliro. Buku la ngongole palibe amene analifuna, ndipo ongongolawo anakondwa. Aliyense anatengapo kanthu, koma sitolo palibe anaitenga. Patapita miyezi itatu munali kugona mbuzi.

Apa ndi pamene nkhani ya ku Japan inandidabwitsa kopambana. Nawonso ali ndi mkamwini wokhala kwa mkazi, amutcha mukoyoshi. Mwini sitolo akaona kuti alibe mwana wamwamuna, kapena kuti mwana wake ndi waulesi, asankha mnyamata waluso, kawirikawiri mwa antchito ake omwe, namkwatitsa mwana wake wamkazi. Mnyamatayo asiya dzina la kwawo, natenga dzina la apongozi ake, ndipo sitolo yonse ikhala m'manja mwake yosagawidwa. Kwa ife mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Adziwa kuti tsiku lina adzanyamula kampasa kake, tsono angaikirenji mtima wake wonse pa sitolo ya eni? Sindikuti titaye chikamwini, ayi. Mwambo umenewu ndiwo wasungira amayi athu minda, ndipo mkazi wa kuno sathamangitsidwa pamudzi mwamuna akafa monga timamvera kwina. Koma munda ukhoza kudulidwa pakati mbali zonse nizibala chimanga. Sitolo mukaidula pakati, mwaipha.

Boma linakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011, ndipo kulanda chuma chotere tsopano ndi mlandu. Lamulolo lilolanso munthu kulemba wilo, kunena amene adzatenge chakutichakuti. Koma tauzani munthu wamkulu kuti alembe wilo. Adzakuyang'anani nati, "Kodi ukundiombeza imfa?"

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi tiyirumu ya azakhali anga. Aiyendetsa zaka zoposa 20 pamsika wina wa m'boma lino. Adzuka tambala woyamba asanalire, nakoleza uvuni wa njerwa, ndipo dzuwa likamatuluka masikono ali pambale, tiyi wamkaka ali mu ketulo. A kabaza, ogula nandolo ndi amayi obwera ndi matemba kuchokera ku Chilwa onse adziwa pakhomopo. Ndalama ya fizi imene ndikhalira pa sukulu ino, ndi sopo amene ndichapira yunifolomu, zichokera mu uvuni umenewo. Koma maondo ayamba kuwavuta, ndipo utsi wawaononga maso. Ana awo awiri ali ku Johannesburg. Ine amandiuza nthawi zonse kuti, "Limbikira sukulu, mwanawe, usadzapse manja ngati ine." Tsono taonani: tiyirumu ikundiphunzitsa kuti ndidzaithawe. Ndipo ndikayang'ana m'kalasi mwathu, ambiri tili chimodzimodzi. Wina alipiridwa ndi chigayo, wina ndi shopu ya njinga, wina ndi benchi la tomato, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene aphunzitsi akafunsa za m'tsogolo amati adzabwerera kumeneko. Inenso mtima wanga uli pa uphunzitsi, sindibisa.

Koma pa tiyirumupo pali mtsikana wina amene wagwira ndi azakhali zaka 7. Si mbale wathu, anabwera kudzapempha ganyu yotunga madzi. Lero ndiye adziwa muyeso wa ufa ndi yisiti popanda kuyeza, adziwa moto ukakwana poika dzanja pakamwa pa uvuni, adziwanso amene ayenera kukongozedwa ndi amene sayenera. Azakhali akadzatisiya, mwambo udzati iye ndi wantchito chabe, apite kwawo, ndipo makapu, mabenchi ndi mapoto tidzagawana ife amene sitidziwa ngakhale kukanda ufa.

Ku Keiunkan kuja banja limodzi linayendetsa nyumba ya alendo mibadwo 52. Mu 2017, posowa wachibale wofuna kupitiriza, anaipereka kwa mkulu wa antchito awo, ndipo alendo akugonamobe. Tchuthi chikubwerachi ndaganiza zokakamba nkhaniyi ndi amalume, pakuti ndiwo eni mbumba, ndipo azakhali sangalembe kalata iliyonse popanda akuluakulu kumva. Ndikawapempha kuti tiyirumu isadzagawidwe, ndi kuti mtsikana uja adzapitirize, nazipereka kangachepe kwa ana a azakhali mwezi ndi mwezi. Amalume ndi munthu waukali, ndipo sakonda kuti mwana wa sukulu aziwaphunzitsa za chuma. Ndaganiza zoyamba ndawalimira munda wa mpendadzuwa masiku atatu, nkhaniyo ndidzaitule tsiku lachinayi.