Zilembo ziwiri kumapeto kwa dzina

Anzanga muli kuno ku Britain, ine ndikaona dzina la loya likuthera ndi KC, ndimavula chipewa. Ulemu wa King's Counsel sapereka kuyunivesite ayi. Loya wa milandu ya makampani, uja amalimbana ndi za makontirakiti ndi ngongole ku Rolls Building mu London, amachita kuufunsira. Amatchula milandu ikuluikulu yomwe wagwira, kenako komiti imakafunsa majaji, makasitomala ake ndi maloya anzake, ngakhale aja ankatsutsana naye m'khoti.

Apa mpomwe pamandikhudza. Digiri imangokutsegulirani chitseko basi. Wodzakuchitirani umboni mawa akhoza kukhala yemwe mukukangana naye lero. Ndiye kuntchitoko tsutsani mwamphamvu, koma osanama, osanyoza.